Mchere umapha tomato, nanga zotsala popanga mchere zingamudyetse bwanji?

Tsiku lina titamaliza phunziro la density mu Fomu 3, mtsikana wina anatsalira anzake atatuluka. Kwawo amalima tomato kudimba, ndipo fizi yake imachokera m'madengu amene mayi ake amapita nawo kumsika. Funso lake linali lotere: "Aphunzitsi, ndinawerenga pa foni ya achimwene kuti kumayiko opanga mchere akuyesa kuthirira tomato ndi madzi otsala popanga mcherewo, pamodzi ndi manyowa. Koma agogo akafuna kupha udzu pakhomo amangothira madzi a mchere. Ndiye akunama ndani?"

Ndinamuyankha kuti palibe akunama. Agogo akunena zoona, ofufuzawonso akunena zoona. Chosiyanitsa ndi zinthu ziwiri basi: mtundu wa mchere, komanso kuchuluka kwake. Belu linali litalira, ndiye ndinamulonjeza kuti ndilemba yankho lonse bwinobwino. Ndi limeneli. Konzani kapepala ndi cholembera, chifukwa masamu ake tichitira limodzi.

Tiyambe ndi mawu akuti mchere. Kukhitchini mchere ndi umodzi, wa m'ndiwo uja, umene mu Chemistry timautcha sodium chloride. Koma mu Agriculture aphunzitsi anu amanena za "michere ya m'nthaka", ndipo salakwitsa. Michere ilipo yamitundumitundu. Ngakhale feteleza wa CAN amene timathira ku tomato ndi mchere ndithu, kungoti si wa m'ndiwo.

M'madzi a nyanja ya mchere muli chiyani?

Nyanja ya Malawi madzi ake samveka mchere pakamwa. Nyanja zikuluzikulu, monga Indian Ocean, ndi nkhani ina. Mu kilogalamu imodzi ya madzi ake, yomwe ndi pafupifupi lita imodzi, muli michere yokwana magalamu 35, ndipo imagawika chonchi:

- chloride: magalamu 19.4
- sodium: magalamu 10.8
- sulphate: magalamu 2.7
- magnesium: magalamu 1.3
- calcium: magalamu 0.4
- potassium: magalamu 0.4

Taonani bwino mndandandawu. Ziwiri zoyambazo, zomwe zimapanga mchere wa m'ndiwo, zatenga magalamu 30 mwa 35. Zinayi zotsalazo ndi zochepa, koma zonse ndi chakudya cha mbewu. Vuto ndi lakuti zakwiririka mu sodium chloride wambiri. Mutathirira tomato ndi madzi a m'nyanja ya mchere, angafe asanapindule ndi kamagnesium kali m'menemo. Ndiye funso lenileni ndi ili: kodi pali njira yochotsera sodium chloride wambiriyo, zinazo n'kutsala? Ilipo, ndipo opanga mchere amaichita tsiku ndi tsiku, ngakhale cholinga chawo si chimenecho.

Dzuwa ndi mphepo ndiye fakitale

M'mbali mwa nyanja ku Mozambique, ku Bagamoyo ku Tanzania, ku Malindi ku Kenya, ku Walvis Bay ku Namibia, ku Gujarat ku India ndiponso pachilumba cha Madura ku Indonesia, mchere amapanga mwanjira yofanana. Amalowetsa madzi a m'nyanja m'maiwe osaya koma otambalala, n'kuwasiya padzuwa. Madzi akamachepa amawasunthira m'dziwe lina, kenako linanso.

Bwanji maiwewo ali osaya ndi otambalala? Kumbukirani zimene zimafulumizitsa evaporation: kutentha, mphepo, mpweya wouma, ndi kukula kwa malo amene madzi akukhudzana ndi mpweya. N'chifukwa chake chitenje choyanika chotambasula chimauma msanga kuposa chopinda.

Mphamvu yofunika pantchitoyi ndi yaikulu zedi. Kuti kilogalamu imodzi ya madzi isanduke nthunzi pamafunika ma kilojoule pafupifupi 2,400. Kuti mupeze kilogalamu imodzi ya mchere muyenera kuumitsa malita oposa 40 a madzi a m'nyanja. Chulukitsani: 40 × 2,400 = ma kilojoule 96,000, omwe ndi mayunitsi a magetsi pafupifupi 27. Mayunitsi 27 pa paketi imodzi ya mchere! Mchere ndi wotchipa chifukwa dzuwa silitumiza bilu.

Tsopano mfundo yaikulu ndi iyi: madzi akamauma, michere situluka yonse nthawi imodzi. Imatuluka pamzere. Umene umavuta kusungunuka ndi umene umayamba kudikha pansi, ndipo wosungunuka mosavuta umatsalira m'madzi mpaka kumapeto. M'chaka cha 1849 katswiri wina dzina lake Usiglio anafalitsa zimene anapeza ataumitsa pang'onopang'ono madzi a nyanja ya Mediterranean, akuyeza density pa sitepe iliyonse. Tikayamba ndi malita 1,000, ulendo wake umayenda motere.

Poyamba density imakhala pafupifupi 1.025, kutanthauza kuti lita imodzi imalemera makilogalamu 1.025. Madzi akatsala pafupifupi theka, calcium carbonate amayamba kudikha. Akatsala malita pafupifupi 190, pamatuluka gypsum, yemwe ndi calcium sulphate. Akatsala malita pafupifupi 95, density itafika 1.21, m'pamene mchere wa m'ndiwo umayamba kupanga timiyala toyera. Akatsala malita pafupifupi 30, density ili cha m'ma 1.26, wopanga mchere amatsegula ngalande n'kuchotsa madzi otsalawo.

Amadziwa bwanji kuti nthawi yakwana? Amagwiritsa ntchito hydrometer, kachipangizo koyandama kaja. Madzi akalemera kamayandama pamwamba, akapepuka kamamira kwambiri. Ndi mfundo ya Archimedes imene mumaloweza ija, koma kuno ikudyetsa mabanja. Akachedwa kuchotsa madziwo, michere ya magnesium imayamba kutuluka n'kusakanikirana ndi mchere wabwino. Mchere wotero umawawa moipa komanso umayamwa chinyezi. Munaonapo mchere wamiyala ukunyowa wokha m'chikopa cha mbale nthawi ya dzinja? Nthawi zambiri wolakwa amakhala magnesium chloride wotsalira pa timiyalato.

Madzi otsalawo dzina lake ndi bittern

Madzi amene amachotsedwawo amatchedwa bittern, dzina lochokera ku mawu a Chingerezi otanthauza kuwawa. Ndi olemera, oterera m'manja ngati mafuta, ndipo kuwawa kwake si kwa mchere wa m'ndiwo ayi. Pa kilogalamu iliyonse ya mchere pamatsala bittern wokwana lita imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Akangotayidwa wambiri malo amodzi m'mbali mwa nyanja amapha nsomba, nkhanu ndi mitengo ya mangrove. Kumupezera ntchito ndiye kuti mwathandiza mlimi komanso mwapulumutsa gombe.

Tiyeni tiwerenge zimene zili m'menemo. M'malita 1,000 oyamba aja munali magnesium wokwana magalamu pafupifupi 1,300 ndi potassium magalamu 400. Ziwirizi sizinadikhe, zakhala zikudikira m'madzi. Tsopano zapanikizana m'malita 30 okha:

magnesium: 1,300 ÷ 30 = magalamu 43 pa lita
potassium: 400 ÷ 30 = magalamu 13 pa lita

Mwaona? Zachuluka maulendo oposa 30, pamene gawo lalikulu la sodium chloride lachoka kupita m'matumba. Komabe sodium sanathe yense, ndipo chloride akadali wambiri. Michere yonse pamodzi imapitirira magalamu 300 pa lita, pafupifupi maulendo 10 kuposa madzi a m'nyanja. Musaiwale nambala imeneyi, tibwereranso.

Anthu anazindikira kale kuti bittern si zinyalala. M'chaka cha 1826, Antoine Balard anatulukira element ya bromine m'madzi otsala a maiwe a mchere a ku Montpellier ku France. Ku Japan bittern amamutcha nigari, ndipo amathira pang'ono mu mkaka wa soya kuti ugwirane n'kukhala chakudya chotchedwa tofu. Ku Dead Sea, makampani a ku Jordan ndi ku Israel amaumitsa madzi padzuwa n'kupanga feteleza wa potassium amene amagulitsidwa m'mayiko ambiri. Ku Great Salt Lake ku America amapanganso feteleza wa potassium sulphate mwanjira yomweyo. Choncho kupeza chakudya cha mbewu m'madzi a mchere si nthano.

Palinso chotsala china chimene tachidutsa: gypsum uja wa m'maiwe apakati. Ameneyu amapatsa mbewu calcium ndi sulphur, ndipo amagwiritsidwa ntchito pokonza dothi limene lawonongeka ndi sodium.

Tomato amafunanji kwenikweni?

Magnesium ali pakatikati pa chlorophyll, chinthu chobiriwira chimene tsamba limakolera kuwala kwa dzuwa. Molecule iliyonse ya chlorophyll ili ndi atomu imodzi ya magnesium pakati pake. Richard Willstätter, amene anafufuza za chlorophyll, analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 1915. Tomato akasowa magnesium, masamba akale a m'munsi amachita chikasu pakati pa mitsempha, mitsemphayo ili yobiriwirabe. Amayamba ndi a m'munsi chifukwa chomera chimasamutsa magnesium wochepayo kupita naye ku masamba anthete. Zimachitika kawirikawiri m'dothi lamchenga, makamaka tomato akasenza zipatso zambiri.

Potassium amathandiza kutsegula ndi kutseka timabowo ta pamasamba totchedwa stomata, komanso kunyamula shuga kuchoka kumasamba kupita ku zipatso. Tomato amadya potassium wambiri. Akaperewera, m'mphepete mwa masamba mumapsa ndipo zipatso zimapsa mwamawangamawanga. Potassium mumamudziwa kale, kungoti ndi dzina lina. Chidulo chimene amayi amatcheza kuchokera ku phulusa, chothira m'therere chija, mphamvu yake ndi potassium carbonate. Dzina loti potassium linachokeranso ku phulusa lotchezedwa m'miphika, ndipo Humphry Davy anamupatula koyamba m'chaka cha 1807.

Tsopano kayang'aneni thumba la feteleza. Manambala atatu oyamba amaimira nitrogen, phosphorus ndi potassium. Wokulitsa amene alimi a kuno anamuzolowera kwa zaka zambiri, 23:21:0+4S, nambala yake yachitatu ndi 0, kutanthauza kuti mulibe potassium. Wa 23:10:5+6S+1.0Zn alimo pang'ono. Urea ndi nitrogen yekhayekha, maperesenti 46. Onse atatuwa sanapangidwe kuti apereke magnesium. Apa m'pamene bittern amakopera ofufuza: ali ndi chimene matumba ambiri alibe.

Nanga bwanji mchere umapha?

Apa ndiye pali mbali ya agogo. Muzu sumeza madzi ngati mmene inu mumamwera m'kapu. Madzi amalowa m'muzu kudzera mu osmosis: amayenda kudutsa kachikopa ka selo kuchoka kumbali kumene kuli michere yochepa kupita kumene kuli yambiri. Nthawi zonse m'kati mwa muzu mumakhala zosungunuka zambiri kuposa m'madzi a m'dothi, ndiye madzi amalowa okha. Mukachulutsa mchere m'dothi, mwatembenuza msewu. Madzi amavuta kulowa, ndipo zikanyanya amayamba kutuluka m'muzu. Chomera chimafota chili pa dothi lonyowa, kufa ndi ludzu miyendo ili m'madzi.

Mphamvu yokoka imeneyi tingaiyeze ngati pressure. Madzi a m'nyanja ya mchere ali ndi osmotic pressure yokwana ma bar pafupifupi 27. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa ma bar 2 kapena kupitirira pang'ono. Ndiye taganizani kamuzu kofewa kakulimbana ndi mphamvu yoposa maulendo 10 ya mpweya wa m'tayala. Bittern wosasungunula ndiye kutali, amaposa pamenepo kwambiri.

Akatswiri a zaulimi amayeza mchere wa m'dothi ndi magetsi. Madzi oyera bwino salola magetsi kudutsa mosavuta, koma mchere ukasungunuka umagawika kukhala ma ion, ndipo ma ion amanyamula magetsi. Mchere ukachuluka, magetsi odutsa amachulukanso. Muyeso wake ndi dS/m, ndipo 1 dS/m ndi pafupifupi magalamu 0.64 a michere pa lita. Madzi a m'nyanja ya mchere ali cha m'ma 50 dS/m.

Kafukufuku wa Maas ndi Hoffman wa 1977, amene bungwe la FAO limagwiritsa ntchito, amasonyeza kuti tomato amapirira mpaka dothi litafika 2.5 dS/m. Kupitirira apo zokolola zimatsika ndi maperesenti pafupifupi 10 pa dS/m iliyonse yoonjezera. Dothi likafika 5.5 dS/m, pa madengu 10 alionse mwataya atatu. Chimanga chimayamba kuvutika pa 1.7 ndipo nyemba pa 1.0, ndiye tomato ndi wopirirako poyerekeza ndi anzakewa.

Chodabwitsa n'chakuti mchere wocheperako umakometsa tomato. Madzi akamalowa movutikira, zipatso zimakhala zazing'ono koma shuga wake amakhala wambiri. Ku Kumamoto ku Japan kuli tomato wotchuka wotchedwa shio tomato, wolimidwa pa malo amene kale anali pansi pa nyanja, ndipo amagulitsidwa modula chifukwa cha kutsekemera. Koma kwa mlimi wogulitsa pamulu kapena padengu ku Lizulu, Bembeke kapena Jenda, tomato wamng'ono ndi ndalama zochepa.

Masamu a kusungunula

Tibwerere ku manambala athu. Tiyerekeze kuti bittern wathu ali ndi michere yonse magalamu 350 pa lita. Titenge mililita imodzi tithire mu lita imodzi ya madzi, kutanthauza gawo 1 pa magawo 1,000. Mu ndowa ya malita 20 ndi mamililita 20, omwe ndi masupuni aang'ono anayi. Chilichonse chigawidwe ndi 1,000:

magnesium: mamiligalamu 43 pa lita
potassium: mamiligalamu 13 pa lita
michere yonse: magalamu 0.35 pa lita, pafupifupi 0.5 dS/m

Kodi zimenezi ndi zambiri kapena zochepa? Pali msakanizo wotchuka wodyetsera mbewu zolimidwa m'madzi popanda dothi, wotchedwa Hoagland solution. Muli magnesium mamiligalamu pafupifupi 48 pa lita ndi potassium 235. Yerekezani. Magnesium wathu 43 watsala pang'ono kufika pa 48, koma potassium wathu 13 ali kutalitali ndi 235. Ndiye tisanamizane: bittern kwenikweni ndi gwero la magnesium. Potassium wake ndi wa mbasela chabe.

Wina anganene kuti, "Ndiye tingoonjezera kuti potassium akwane." Tiyeni tiyese. Pa gawo 1 pa 100, potassium afika 130, akadali osakwana, koma michere yonse yafika magalamu 3.5 pa lita, pafupifupi 5.5 dS/m. Malire a madzi othirira tomato, malinga ndi FAO, ndi pafupifupi 1.7 dS/m. Tapitirira katatu. Kusiyana kwa feteleza ndi mankhwala a udzu a agogo kwagona pa ziro mmodzi.

Palinso vuto lina. Mu bittern calcium ndi wochepa kwambiri, chifukwa anatsala kale m'maiwe ngati gypsum. Komanso magnesium ndi potassium akachuluka m'dothi amapikisana ndi calcium polowa m'muzu. Tomato wosowa calcium amada ndi kuwola kunsi kwake, matenda amene ambiri mwawaonapo kudimba. Kuthirira modukizadukiza ndi mchere wambiri zimakulitsa vutoli.

Manyowa akubwera pati?

Mu bittern mulibe nitrogen kapena phosphorus wothandiza mbewu. Pali lamulo lodziwika ndi dzina la Justus von Liebig limene limati mbewu imakula molingana ndi chakudya chimene chaperewera kwambiri. Ganizani ndowa yobooka malo angapo. Madzi amalekeza pa bowo la m'munsi kwambiri, ndipo kumata mabowo a m'mwamba sikuthandiza kanthu. Ngati dothi lanu likusowa nitrogen, thirani magnesium mmene mungathere, tomato sasintha. N'chifukwa chake ofufuza amaphatikiza bittern ndi manyowa. Manyowa amagwira ntchito zitatu.

Yoyamba ndi kudyetsa. Manyowa a m'khola, a kompositi, a chimato kapena a Mbeya amapereka nitrogen, phosphorus, potassium ndi calcium. Mlingo wake ndi wochepa, mwachitsanzo ndowe za ng'ombe zouma zimakhala ndi nitrogen pafupifupi peresenti 1 kapena 2 yokha, koma amatulutsa pang'onopang'ono tizilombo ta m'dothi tikamawoletsa.

Yachiwiri ndi kusunga. Manyowa akawolerana amasiya chinthu chakuda chotchedwa humus, chomwe chili ndi negative charge. Magnesium, potassium ndi calcium m'madzi a m'dothi ali ndi positive charge. Mukukumbukira cholembera chokhula kutsitsi chikutola timapepala? Ma charge osiyana amakokana. Humus amagwira ma ion amenewa kuti asakokoloke ndi madzi, kenako amawapereka kwa muzu pang'onopang'ono. Popanda manyowa, m'dothi lamchenga magnesium wanu angotsika pansi ngati madzi pa sefa.

Yachitatu ndi kutsegula njira. Sodium akachuluka m'dothi lamakande amamwaza tizidutswa ta dongo, timipata n'kutsekeka. Dothi lotero likanyowa limamata ngati phala, likauma limalimba ngati njerwa. Manyowa amamanga dothi kukhala timibulu, madzi n'kumadutsa bwino, ndipo podutsapo amatsuka sodium ndi chloride kupita nazo pansi, kutali ndi mizu.

Koma chenjerani, manyowa nawonso ali ndi michere yawo, makamaka zitosi za nkhuku. Aawisi amawotcha mbande. Asiyeni awolerane kaye, monga mmene a Mbeya amasungidwira masiku 21 asanathiridwe.

Dimba lingasanduke dziwe la mchere

Physics imene imapanga mchere ku Bagamoyo ikugwiranso ntchito m'dimba la kwanu m'mwezi wa Okutobala. Madzi amauluka, mchere umatsala. Tiyerekeze kuti mukuthira malita 5 pa sikweya mita tsiku lililonse kwa masiku 90, ndipo madzi onsewo ali ndi magalamu 0.35 pa lita. Malita ndi 450, michere ndi magalamu oposa 150 pa sikweya mita imodzi. Mbewu idyako pang'ono, yambiri itsala kudikira mvula. Ndiye ngakhale msakanizo wofatsa uja si wothirira tsiku ndi tsiku. Ndi wa apo ndi apo, ndipo malo ake ndi dothi limene laonetsa kuti likusowa magnesium, lomwenso madzi amadutsa bwino.

Dziko lathu lilibe gombe la nyanja ya mchere, choncho bittern weniweni sapezeka pamsika wa kwanu. Koma malo amchere tili nawo. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndiye michere imene mitsinje imabweretsa imangounjikana. M'chigwa cha Shire, m'madera ena a Chikwawa, muli mijigo ya madzi amchere komanso dothi lotuwa pamwamba. M'malo otere vuto ndi kuchuluka kwa mchere, ndiye kuonjezera wina ndi kudziwotcha wekha. Chofunika kumeneko ndi manyowa, kuphimbira dothi ndi udzu kuti madzi asauluke msanga, ndi ngalande zabwino.

Dziwaninso kuti zotsala za mchere sizifanana konsekonse. Zimatengera madzi amene mwayamba nawo. Ku Sua Pan ku Botswana amapanga mchere kuchokera ku madzi apansi okhala ndi sodium carbonate wambiri. Zotsala za madzi otero zimawononga dothi m'malo molidyetsa. Musangomva kuti "zotsala za mchere" n'kuthamangira nazo kudimba.

Yesani nokha

Choyamba, osmosis. Dulani tizidutswa tiwiri tofanana ta mbatata ya kachewere, muyeze kutalika kwake ndi rula. Kamodzi kaikeni m'madzi wamba, kena m'madzi a mchere wambiri. Pakatha maola awiri muyezenso, mutipindenso ndi zala. Ka mumchere kafupika ndi kulobodoka. Zimenezo ndi zimene zimachitikira muzu.

Chachiwiri, hydrometer. Tsekani kunsi kwa sitilo yomwera zakumwa ndi sera, muikemo timchenga kuti iime chilili m'madzi. Lembani pamene madzi alekeza. Kenako thirani mchere supuni imodziimodzi, mukulemba mzere watsopano nthawi iliyonse.

Chachitatu, magetsi. Lumikizani mabatire awiri a tochi, kababu ka LED ndi mawaya awiri oviika m'kapu ya madzi, osagundana. Onani kuwala kusanathiridwe mchere, ndi pamene mwathira. Mabatire okha chonde. Magetsi a m'nyumba ndi madzi a mchere ndi imfa.

Chachinayi ndi cha Science Club. M'malo mwa bittern gwiritsani ntchito Epsom salt, yemwe ndi magnesium sulphate ndipo amapezeka m'mafamase ena. Muli magnesium pafupifupi maperesenti 10, ndiye magalamu 10 m'malita 20 amapereka mamiligalamu pafupifupi 50 pa lita, kufanana ndi msakanizo wathu uja. Musamamwe, amatsegula m'mimba. Bzalani mbande 20 zofanana m'machubu ofanana, ndi dothi la malo amodzi, m'magulu asanu a mbande zinayizinayi. Gulu loyamba lilandire madzi okha. Lachiwiri manyowa. Lachitatu madzi a Epsom kamodzi pa sabata. Lachinayi manyowa ndi madzi a Epsom. Lachisanu madzi okhala ndi supuni yaing'ono imodzi ya mchere wa m'ndiwo pa lita, nthawi zonse mukathirira. Madzi akhale ofanana kuchuluka, dzuwa likhale lofanana. Sabata iliyonse lembani kutalika, mtundu wa masamba, kenako chiwerengero ndi kulemera kwa zipatso.

Musanayambe, lembani zimene mukuganiza kuti zichitika. Mwina mupeza kuti gulu lachinayi silinapose lachiwiri. Musafufute manambala kuti agwirizane ndi maganizo anu. Zikatero ndiye kuti dothi lanu ndi manyowawo zinali kale ndi magnesium wokwanira, ndipo mwapulumutsa makolo anu ku kugula chinthu chosafunika. Limenelonso ndi yankho la sayansi. Ntchitoyi itenga miyezi itatu, koma paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa wophunzira wanga uja, uthenga wopita nawo kwa mayi ndi uwu. Madzi a mchere wa m'ndiwo asayandikire dimba. Manyowa owolerana bwino apitirire, chifukwa ndi amene amasenza katundu wamkulu. Masamba a m'munsi akayamba chikasu pakati pa mitsempha, akaonetse alangizi a zaulimi, chifukwa mwina bowo la m'munsi pa ndowa yawo ndi magnesium. Ndipo wina akabwera ndi botolo la mankhwala odabwitsa ochokera kunyanja, iwe ufunse mafunso awiri amene waphunzira lero: muli mchere wanji, ndipo wochuluka bwanji pa lita?

Funso loti mukaganizire: ngati bittern ali ndi michere magalamu 350 pa lita, ndipo madzi a pachitsime chanu ali kale ndi 1.0 dS/m, mungathire mamililita angati mu ndowa ya malita 20 osapitirira malire a 1.7 dS/m? Zonse zofunika pa samuyi zili m'nkhani muno.